Kuyeza ngati antchito anu amadzikhulupirira pa ntchito: chitani chonchi

Treningi ikamatha fasiliteta amakonda kufunsa kuti "tonse tamva eti? Tikakwanitsa kumene tikupitako?" ndipo holo yonse imati eee, ena mpaka kuomba m'manja, kenako mu lipoti mumalembedwa zoti anthu onse atuluka ali ndi chidaliro. Funso limeneli siliyeza kanthu. Lili ngati moni, munthu ukamufunsa kuti muli bwanji amati ndili bwino ngakhale mutu ukumuwawa kuyambira dzulo, ndi mmene tinaleredwera, makamaka pamaso pa bwana. Koma kudziwa ngati munthu amakhulupirira kuti ntchito yake angaithe ndi nkhani yofunika heve, ndipo zimayezeka bwinobwino ndi pepala limodzi lokha, bola mafunso alembedwe bwino komanso woyankhayo asakhale ndi mantha. Chitsanzo changa chikhala cha ma HSA, alangizi a zaumoyo aja, amene amayendetsa village clinic, kachipatala ka ana ka m'mudzi, m'madera ovuta kufikako, ntchito imene inayamba kuno kwathu cha mu 2008, chifukwa pamenepo kudzikayikira kapena kudzidalira mopyola kumakhudza moyo wa mwana. Koma njira yake ndi yomweyi kaya muli ndi aphunzitsi, alangizi a zaulimi, ogulitsa mu shopu kapena ma ejenti a Mpamba ndi Airtel Money.

Tigwirizane kaye chimene tikuyeza. Anthu a psychology amachitcha self-efficacy, ndipo amene anayala maziko ake mu 1977 ndi Albert Bandura, wobadwira ku Canada amene ankaphunzitsa pa Stanford University ku America. Iyeyu sankanena za kudzikonda kapena kudziona kuti ndine munthu wofunika ayi, ankanena za chikhulupiriro chakuti ntchito yakutiyakuti ndingaichite, zinthu zili chonchi ndi chonchi. Munthu mmodzi yemweyo atha kukhala wolimba mtima pobaya katemera koma n'kumanjenjemera akauzidwa kuti ayankhule za zimbudzi pa msonkhano wa kwa mfumu. Nde mukamufunsa funso limodzi lokha lakuti mumadzidalira pa ntchito, ayankha za mbali iti?

Kafukufuku woyambirira wa Bandura pa nkhaniyi anali ndi anthu oopa njoka kwambiri. Sanawafunse kuti kodi ndinu olimba mtima. Anawalembera zochita zingapo motsatana, kuyambira chophweka monga kuyandikira bokosi la galasi momwe muli njokayo, mpaka kuigwira ndi manja n'kuilola kuti iyende pamiyendo pawo, ndipo pa chilichonse munthu ankanena ngati angathe komanso kuti akutsimikiza bwanji. Zimene ananenazo zinagwirizana kwambiri ndi zimene anachitadi atafika pa njokayo. Kachitidwe kameneka ndi kamene titengere, basi tingochotsapo njoka n'kuikapo ntchito.

Mwina mukufunsa kuti nanga tivutikirenji kuyeza, bwanji osangoona ntchito imene munthu wagwira. Zonse ziwiri zimafunika. Mu 1998 Alexander Stajkovic ndi Fred Luthans anasonkhanitsa makafukufuku 114 okhudza anthu oposa 21,000 ndipo anapeza kuti chikhulupiriro chimenechi chimayendera limodzi ndi kagwiridwe ka ntchito, correlation yake, nambala yoonetsa kugwirizanako imene siposa 1, inali 0.38, yomwe pa nkhani za khalidwe la anthu si yaing'ono, ngakhale imachepako ntchito ikakhala yovuta ya mbali zambiri. Chimene chimachitika n'chakuti munthu wodzikayikira amazemba ntchito yovuta, akayamba amagwa mphwayi msanga, ndipo nthawi zambiri sanena. HSA amene sakhulupirira kuti angawerenge bwino kupuma kwa mwana, komwe ndi njira yodziwira chibayo, atha kumangodumpha gawo limenelo mwakachetechete, inu mu register muziona kuti kudera kwake chibayo kulibe, pomwe chilipo.

Poyambira si pa kompyuta. Pitani mukakhale pansi ndi anthu anayi kapena asanu amene amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku, ena akalekale ena atsopano, muwafunse kuti pa ntchito yanuyi chimene chimakuvutani ndi chiyani, ndi liti pamene mumagwira njakata, ndi chiyani chimene mumafuna wina akanakuchitirani. Musawafunse pa mitingi ya sitafu pomwe in-charge, mkulu wa chipatala, ali pompo, pezani mpata wina, kaya pansi pa mtengo sikelo ikatha. Muzilemba mawu awo enieni. Apa mpamene pali chuma chonse, chifukwa job description imangoti "kuyeza malungo", koma iwowo akuuzani kuti kuyeza si vuto, vuto ndi pamene mRDT, kachida koyezera malungo m'magazi, yaonetsa kuti mwana alibe malungo koma agogo ake akukakamira kuti mumupatse mankhwala a malungo a LA basi, ndipo agogowo ndi achemwali awo a mfumu. Zoterezi mu ofesi simungaziganizire.

Mukabwerako gawani ntchitoyo m'zigawo zingapo, mwachitsanzo kuyeza mwana wodwala, kupereka mankhwala, kutumiza ku chipatala chachikulu, kuyankhula ndi makolo, kulemba malipoti. Gawo lililonse mulilembere mafunso atatu kapena anayi, ndipo mafunsowo azikwera, loyamba lophweka, lotsatira lili ndi chopinga, lomaliza lovuta ndithu. Onse pamodzi asapitirire 20, munthu akatopa amangochonga. Onani awa:

Ndingathe kuwerenga kupuma kwa mwana kwa mineti yathunthu, mwanayo ali phee pamiyendo pa amayi ake.

Ndingathe kudikira kuti mwana amene akulira atonthole kaye ndisanawerenge kupuma kwake, ngakhale panja pali mzere wautali wa amayi.

Ndingathe kuyeza malungo ndi mRDT n'kuwerenga zotsatira ndekha popanda wondiyang'anira.

Ndingathe kukana kupereka LA kwa mwana amene mRDT yaonetsa kuti alibe malungo, ngakhale achibale akukakamira.

Ndingathe kuwalimbikitsa makolo kuti apite ndi mwana wokomoka ku chipatala usiku womwewo, pamene iwo akuti alibe ndalama ya kabaza.

Ndingathe kutumiza lipoti la mwezi pa nthawi yake ngakhale mwezi umene kuli kampeni ya katemera.

Mwaona kuti onse akuyamba ndi ndingathe. Izi n'zadala, Bandura mwiniwake mu malangizo amene analemba mu 2006 anatsindika kuti funso lifunse zimene munthu angathe, osati zimene adzachite. Mukalemba kuti "ndidzatumiza lipoti pa nthawi yake" mwafunsa lonjezo, ndipo lonjezo aliyense amapereka. Mukalemba kuti "ndimakonda ntchito yanga" mwafunsa za kukhutira. Mukalemba kuti "ndine HSA wabwino" mwafunsa mmene munthu amadzionera ngati munthu. Mukalemba kuti "ana a m'dera langa achira" mwafunsa zotsatira, zomwe zimadalira zinthu zambiri zimene iye sazilamulira. Zonsezi n'zofunika kuzidziwa tsiku lina koma si zimene tikuyeza lero, ndipo mukazisakaniza pa pepala limodzi malikisi ake satanthauza kanthu. Komanso muziwauza kuti ayankhe za lero, mmene alili panopa, osati mmene akuyembekezera kudzakhalira akadzazolowera.

Chinanso, funso limodzi lifunse chinthu chimodzi. "Ndingathe kuyeza ndi tepi ya MUAC komanso kulangiza mayi za kadyetsedwe ka mwana" ndi mafunso awiri amenewo, wina amatha kuyeza bwinobwino, amadziwa kuti pa tepi yoyezera mkono wa mwanayi kufiira, kosonyeza kunyentchera, ndi pansi pa 11.5 cm, koma akafika polangiza mayi amene kunyumba kwake kulibe ufa amasowa chonena. Agaweni. Ndipo pewani mafunso ophweka kwambiri oti aliyense ayankha kuti ndingathe kotheratu, monga kutsegula kiliniki m'mawa, amangodzaza pepala. Mukaona kuti pa funso lina aliyense wapereka malikisi apamwamba, lichotseni kapena mulionjezere chopinga.

Pa kayankhidwe, musagwiritse eya kapena ayi. Bandura ankalimbikitsa sikelo yoyambira 0 mpaka 100 yokwera ndi 10, pomwe 0 ndi sindingathe n'komwe, 50 ndi mwina ndingathe, 100 ndi ndikutsimikiza kuti ndingathe, ndipo anati 0 mpaka 10 imagwiranso ntchito. Ine ndimakonda 0 mpaka 10 chifukwa tonse tinazolowera kusukulu zoti wakhoza zingati pa 10. Zija za strongly agree, agree, neutral, disagree zili ndi mavuto awiri kwathu kuno, loyamba malo ake ndi ochepa moti anthu onse amaunjikana pa agree, lachiwiri kukana chimene chalembedwa pa fomu yochokera ku ofesi kumaoneka ngati mwano, nde anthu amangovomera. Nambala ilibe vuto limenelo, munthu atha kulemba 4 osamva ngati wanyoza aliyense.

Musanayambe mafunso enieni apatseni loyeserera lopanda chochita ndi ntchito, kuti azolowere sikelo. Kunyamula katundu kumathandiza. Ndingathe kunyamula chigubu cha malita 5, apa aliyense ati 10. Ndowa ya malita 20, ambiri akadali pamwamba. Thumba la chimanga la 50 kg ndekha, apa manambala ayamba kusiyana, wina 8 wina 3. Matumba awiri nthawi imodzi, pafupifupi onse 0. Mukamaliza pamenepa anthu amakhala atamva kuti nambala yotsika si mlandu, ndi kungonena zoona, ndipo aona kuti 5 ndi 7 ndi zosiyana. Ngati mukufunsa anthu amene kulemba kumawavuta, monga ma volontiya a m'mudzi kapena alonda, tengani nyemba 10 muike patebulo, muwerenge funso, iwo akankhire mbali imodzi nyemba zolingana ndi mmene akutsimikizira, inu mulembe nambala. Zimayenda bwino kwambiri, kungoti wofunsayo asakhale bwana wawo.

Pepala likatha kulembedwa musathamangire kupanga fotokope 200. Pezani anthu asanu a ntchito yomweyo, mmodzimmodzi, awerenge funso lililonse mokweza n'kukuuzani m'mawu awo kuti akumva kuti likufunsa chiyani, komanso chifukwa chake asankha nambala imene asankhayo. Apa mudzagwira zambiri, mawu amene ku Lilongwe amamveka koma ku Nsanje kapena ku Mangochi akumveka mwina, funso limene wina akuliona ngati mayeso, chopinga chimene kudera kwawo kulibe. Ngati pepala munalilemba m'Chingerezi n'kumasulira, wina amasulire kupita m'Chichewa, wina amene sanaone loyambalo abwezere m'Chingerezi, kenako mufananize. Koma kunena zoona ndi bwino kungolilemba m'chiyankhulo chimene anthuwo amagwiritsa pa ntchito kuyambira pachiyambi, ndi mawu awo aja munalemba pansi pa mtengo.

Tsopano gawo limene ndimalitenga kukhala lalikulu kuposa onse, ndipo ndi pamene ambiri amaonongera ntchito yonse: mantha. Munthu akangoganiza kuti pepalali likafika kwa amene amasaina kontirakiti yake, kapena kuti akalemba nambala zotsika samuitananso ku wekishopu yotsatira n'kuphonya alawansi, alemba 10 kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo sindingamuimbe mlandu, ali ndi ana oti adye. Enanso amachita mosemphana, akamva kuti otsika apita ku refresher amalemba 2 paliponse. Nde dulani chingwe chimenechi pachiyambi pomwe. Auzeni poyera kuti mayankho awa sakhudza malipiro, pulomoshoni, transifa kapena mndandanda wa opita ku treningi, ndipo mukanena chonchi muchitedi zimenezo, chifukwa mukangophwanya kamodzi nkhani imafala ndipo simudzapezanso yankho loona kwa gulu limenelo.

Pa pepala pasakhale dzina. Ngati mukufuna kudzafananiza mayankho a munthu yemweyo patsogolo, aliyense apange kodi yake imene sangaiwale, mwachitsanzo zilembo ziwiri zoyamba za dzina la amayi ake ndi tsiku la mwezi limene anabadwa, inu simungadziwe kuti ndi ndani koma iye adzalembanso yomweyo. Samalaninso ndi mafunso aja a pamwamba, zaka, mwamuna kapena mkazi, malo ogwirira ntchito, chifukwa pa health centre pomwe pali HSA wamkazi mmodzi yekha mwamutchula kale dzina ngakhale simunalembe. Wogawa mapepala asakhale supavaiza wawo, ndipo supavaiza atuluke panja. Aliyense akhale payekha, asamaonerane, akamaliza apinde aponye mu katoni. Musachite tsiku la appraisal, lomwe mabwana amaunika kagwiridwe ka ntchito ka munthu, ngakhale sabata yake. Ngakhale mutu wa pepala umakhudza, mukalemba kuti "kuyeza kudzidalira kwa antchito" aliyense afuna kuoneka wodzidalira, lembani zophweka monga "mmene ndikuionera ntchito yanga". Mapulogalamu oyankhira mafunso pa foni monga Google Forms kapena KoboToolbox ndi abwino ngati anthu ali ndi mafoni, KoboToolbox imagwira ngakhale kulibe netiweki n'kutumiza pambuyo, koma link yoponyedwa pa gulupu ya WhatsApp ndi bwana mwiniwake anthu samaikhulupirira kuti ndi yachinsinsi, ndiye nthawi zina pepala ndi katoni zimapambana.

Za nthawi yoyezera. Ngati cholinga ndi kuona ngati treningi yathandiza, yezani isanayambe, yezani ikatha, ndipo yezaninso pakatha miyezi itatu anthu atabwerera ku ntchito, mafunso omwewo osasintha ngakhale liwu limodzi. Kuyeza kwa tsiku lotsekera kumakhala kokwera nthawi zambiri chifukwa anthu asangalala, adya bwino, ayeserera pa chidole ndi pa vidiyo. Kwa miyezi itatu kuja ndi kumene kumakuuzani zoona, atakumana ndi mwana weniweni wolira.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa anthu, nthawi zina malikisi amatsika treningi ikatha, ndipo manejala amayamba kukalipira mafasiliteta. Dikirani kaye. Munthu asanaphunzire ankaganiza kuti kuwerenga kupuma ndi kungoyang'ana mwana n'kuona ngati akupuma mothamanga, ndiye anadzipatsa 9. Ataphunzira wadziwa kuti pamafunika taima, mineti yathunthu, mwana akhale wodekha, kuti malire a kupuma pa mineti ndi 50 kwa mwana wa miyezi 2 mpaka asanakwane 12 ndi 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5, ndiye tsopano wadzipatsa 6. 6 ameneyu ndi wabwino kuposa 9 uja. Njira yogwirira zimenezi ndi kuonjezera danga lachiwiri pa pepala la kumapeto, lofunsa kuti poganizira zimene mukudziwa panopa, musanaphunzire munali pa nambala yanji. Mukatero mumakhala ndi zithunzi ziwiri za poyambira ndipo mutha kuona chimene chasintha.

Kuwerengetsa sikovuta, Excel ikukwanira. Mzere uliwonse munthu mmodzi, kolamu iliyonse funso limodzi. Pezani avereji ya funso lililonse ndi ya gawo lililonse. Avereji ya pepala lonse ndi imene mabwana amaifuna mu lipoti koma ndi imene imathandiza pang'ono kuposa zonse, chifukwa imabisa. Tiyerekeze gulu lanu lapeza 7.5 pa zonse, zikuoneka bwino, koma mukayang'ana funso ndi funso mupeza kuti kuyeza malungo kuli pa 9 pomwe kulimbikitsa makolo kupita ku chipatala usiku kuli pa 4, ndipo ntchito yanu ili pa 4 pamenepo. Onaninso kamwazikidwe kake, 6 atha kutanthauza kuti onse ali pa 6, kapena kuti theka lili pa 10 theka lina pa 2, ndipo izi zimafuna mankhwala osiyana. Mapepala amene ali ndi nambala imodzi yokhayokha kuyambira pamwamba mpaka pansi muwaike pambali muwerenge kuti alipo angati, akachuluka ndiye kuti mantha aja sanathe kapena anthu sanamve.

Ngati ndi kafukufuku wa kusukulu kapena wa dona amene afunse za reliability, kudalirika kwa mafunso anu, pali Cronbach's alpha, imene Lee Cronbach anafotokoza mu 1951, imaonetsa ngati mafunso a gawo limodzi akuyendera pamodzi, ndipo ambiri amavomereza kuyambira 0.7. Mapulogalamu a pa kompyuta monga SPSS, R ndi jamovi amawerengetsa okha. Koma ngati muli ndi anthu 12 pa ofesi musadzivutitse nazo.

Manambala amenewa paokha sanena kuti munthu amatha ntchito, amanena zimene iye amakhulupirira. Ndiye muyenera kuwaika pafupi ndi zimene mwaona ndi maso, pa supavishoni, ndi checklist, munthu akuyeza mwana weniweni. Popeza mapepala alibe mayina mufananiza pa gulu, kapena ngati mukufuna za munthu payekha muchite pa macheza a awiri omwe iye wavomera, adzipatse nambala kaye kenako achite inu mukuona. Amene akudzikhulupirira ndipo akuthadi, ameneyo ndi woti aziphunzitsa anzake. Amene akudzikayikira ndipo sakuthadi wanena zoona, mumuphunzitse. Amene amandikhudza mtima ndi uja amatha bwinobwino koma wadzipatsa 3, nthawi zambiri ndi munthu amene anakalipiridwapo pagulu kapena sanauzidwepo kuti apa wachita bwino, ndipo anthu otere ndi amene amakana udindo, amakhala chete pa mitingi, mapeto ake amasiya ntchito inu n'kumadabwa. Ndipo woopsa ndi amene wadzipatsa 10 koma akulakwitsa, chifukwa safunsa aliyense. David Dunning ndi Justin Kruger pa Cornell University mu 1999 anapeza kuti anthu amene anakhoza zochepa kwambiri pa mayeso awo ankadziika pamwamba pa avereji, ndipo Jeffrey Vancouver ndi anzake pa Ohio University anaonetsa cha mu 2001 ndi 2002 kuti munthu akadzidalira kwambiri atha kuchepetsa khama pa ntchito yotsatira. Choncho cholinga chanu si chakuti aliyense afike pa 10, ndi chakuti nambala ya munthu ifanane ndi luso lake, zonse ziwiri zizikwera limodzi.

Musaiwale kusiya mzere wopanda kanthu kumapeto kwa gawo lililonse, wofunsa kuti ngati mwalemba nambala yotsika, chikukulepheretsani ndi chiyani. Mzere umenewu umateteza antchito ku chiweruzo cholakwika. HSA atha kulemba 2 pa kuwerenga kupuma osati chifukwa sadziwa, koma taima inafa chaka chatha ndipo sanapatsidwe ina. Atha kulemba 3 pa kuthandiza mwana wotsegula m'mimba chifukwa ORS ndi zinc zinatha mu bokosi. Mphunzitsi atha kulemba 2 pa kuthandiza mwana wotsalira m'mbuyo chifukwa mu kalasi muli ana oposa 100. Munthu ameneyu mukamutumiza ku treningi yolimbikitsa mtima mwataya ndalama komanso mwamunyoza, iye akufuna taima, mankhwala, kapena mphunzitsi wachiwiri.

Mwina mukuti zonsezi n'zambiri, kodi palibe mafunso okonzedwa kale? Alipo. Ralf Schwarzer ndi Matthias Jerusalem a ku Germany anapanga General Self-Efficacy Scale, mafunso 10, kuyankha 1 mpaka 4, malikisi onse kuyambira 10 mpaka 40, ndipo inamasuliridwa m'ziyankhulo zoposa 30. Ya ntchito yeniyeni ilipo yaifupi ya mafunso 6 imene Thomas Rigotti, Birgit Schyns ndi Gisela Mohr anaiyesa m'mayiko asanu a ku Ulaya n'kuitulutsa mu 2008. Ya aphunzitsi ndi ya Megan Tschannen-Moran ndi Anita Woolfolk Hoy ya 2001, ya mafunso 24 kapena 12, yoyang'ana kaphunzitsidwe, kusunga bata mu kalasi ndi kukopa chidwi cha ana. Zimenezi n'zabwino ngati mukulemba dissertation ndipo mukufuna kufananiza ndi zimene ena anapeza kwina, ndipo mukatero musasinthe mafunso ake mwachisawawa. Koma ziwiri zoyambazo zimafunsa za kuthana ndi mavuto alionse osatchula zochita zenizeni, ndiye zikuuzani kuti gulu lanu lili pa 31 mwa 40 pa yoyamba ija koma osakuuzani kuti Lolemba muyambire pati. Ngati ndinu supavaiza wofuna kuthandiza anthu anu, lembani yanu. Mutha kuika zonse ziwiri pa pepala limodzi ngati malo alipo.

Mukapeza pamene pali potsika, Bandura anatchula zinthu zinayi zimene zimamanga chikhulupiriro chimenechi ndipo zimakuuzani chochita. Champhamvu kuposa zonse ndi kuchita wekha n'kuona kuti zatheka, ndiye mpatseni munthu ntchitoyo pang'onopang'ono, ayambe ndi mwana wodekha inu muli pambali mukuwerenga naye, mufananize manambala, abwereze kangapo, kenako ovutirapo. Chachiwiri ndi kuona mnzako wofanana nawe akuchita, ndipo mawu akuti wofanana nawe ndi ofunika, HSA akaona dokotala akuchita amati iwowo anaphunzira, koma akaona HSA mnzake wa mudzi woyandikana akufotokozera agogo modekha chifukwa chake mwana sakulandira LA, amati nanenso ndingathe. Chachitatu ndi mawu olimbikitsa ochokera kwa munthu amene amamukhulupirira, koma akhale olunjika, "mwachita bwino kudikira kuti mwana atonthole musanayambe taima" amagwira ntchito kuposa "mukuyesetsa, pitirizani". Chachinayi ndi mmene thupi likumvera, mtima kugunda, manja kunjenjemera, munthu amatanthauzira kuti ndiye kuti sindingathe, choncho supavishoni yobwera ngati apolisi, yokalipa pamaso pa amayi a pa sikelo, imagwetsa chimene mukufuna kumanga.

Zotsatira zikatuluka bwererani nazo kwa eni ake pasanathe mwezi, musangozitumiza kumtunda. Lembani pa flip chart avereji ya funso lililonse, popanda za munthu payekha, muwafunse kuti apa patsika chifukwa chiyani, ndipo musankhe limodzi zinthu ziwiri kapena zitatu zoti mugwirepo ntchito miyezi ikubwerayi, chilichonse chikhale ndi dzina la wochita ndi deti. Zimene zikufuna katundu zipite kwa amene ali ndi kiyi wa sitolo ndi kalata, zimene zikufuna kuyeserera muziike pa pulogalamu ya supavishoni yotsatira. Mapepala muwasunge mu envelopu yotsekedwa pamalo pomwe mabwana ena sangawapeze n'kuyamba kuzindikira kalembedwe ka anthu, ndipo pakatha miyezi 6 mugawenso pepala lomwelo.